Wailesi ya Bambo Anga ndi Malata a Mayi Anga

Mwana wanga woyamba, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, anabwera kudzadya nafe Khirisimasi m'chaka cha 2023. Tsiku lachiŵiri atafika ndinampeza atagwada m'chipinda chochezera, atavundukula nsalu imene amake amafunditsa wailesi yakale ya malemu bambo anga, ali kuijambula ndi foni kumaso, kumbuyo ndi m'mbali. Nditamfunsa chimene anali kuchita, iye anati, "Bambo, kodi mukudziŵa kuti mwakhalira chuma m'nyumba muno?"

Kuti inu oŵerenga mumvetse chifukwa chake mawu ameneŵa anandisoŵetsa tulo, ndiyenera kuyamba ndafotokoza m'mene wailesiyo inafikira kwathu.

Ine ndinabadwira kufupi ndi Ntaja, m'boma la Machinga, limene pa ubwana wathu linkatchedwa Kasupe. Bambo anga anali mmodzi wa amuna ambiri a kwathu amene anapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela. Achikulire akukumbukira kuti m'mwezi wa Epulo 1974 ndege imene inanyamula anthu ochokera ku migodi inagwa ku Francistown, nipha Amalaŵi oposa 70, ndipo boma linaletsa ulendowo. Njira itatsegulidwanso m'chaka cha 1977 pansi pa dzina la TEBA, bambo anapitanso. Pochoka analonjeza mayi anga chinthu chimodzi: kuti pobwera adzafolera nyumba ndi malata. Anabweradi m'chaka cha 1980, koma m'malo mwa ndalama za malata anatsitsa makatoni atatu. M'katoni imodzi munali wailesi, m'makatoni aŵiriwo munali masipika.

Sinali wailesi wamba. Dzina lake ndi Pioneer SX-780, yopangidwa ku Japan. Eni ake amaitcha risiva, ndiye kuti wailesi ndi chokuzira mawu zili m'bokosi limodzi. Kumaso kwake ndi kwa chitsulo choŵala ngati siliva, kuli galasi lalitali lolembedwa manambala, ndi timivi togwedezeka potsata mawu. Mudzi wonse unabwera kudzaona, ana tinkakankhana pakhomo. Koma panali vuto limodzi limene bambo ankalidziŵa bwino lomwe pogula: chinthucho sichiyendera mabatire, chimafuna magetsi, ndipo m'mudzi mwathu munalibe magetsi. Iwo ankati anamva kuti mawaya ali pafupi kufika. Tsono anatenga msomali, nauwotcha pamoto, nalemba dzina lawo ndi chaka pamwamba pa bokosilo kuti mbala isadzalikane, naliika pa tebulo, mayi nalifunditsa nsalu.

Linakhala pa tebulopo zaka 16 osatulutsa liwu ndi limodzi lomwe. M'zaka zonsezo chimene chinkalankhula m'nyumba mwathu chinali kawailesi ka Nzeru, kopangidwa konkuno ku Blantyre, kamene chivindikiro chake cha mabatire tinkamanga ndi mphira. Kameneka ndi kamene kankatiuza nkhani za pa MBC, mauthenga a maliro, mpira, ndi mapemphero a m'maŵa. Mabatire akafooka tinkaŵayanika padzuŵa. Mvula ikabwera, denga la udzu likayamba kudontha, mayi ankayamba kusuntha wailesi yaikuluyo asanasunthe mphasa zathu, ndipo posuntha sankalephera kunena kuti, "Nyamulani malata anga angavumbwe."

M'chaka cha 1996 ndinatumizidwa kukaphunzitsa pa sukulu ina pafupi ndi Liwonde, ndipo nyumba imene anandipatsa inali ndi magetsi. Ndinapita kumudzi kukatenga bambo pamodzi ndi makatoni awo. Titalumikiza mawaya, galasi lija linayaka, timivi tinadzuka. Ndinali nditabwereka choimbira makaseti, ndipo kaseti imene inali pafupi inali ya Alleluya Band, anzathu a Chikatolika a ku Balaka. Sindinamvepo mawu otero chibadwire. Gitala ankamveka mbali ina, ng'oma mbali ina, woimba pakati, ngati anthuwo aloŵa m'nyumba. Bambo anakhala pa mpando manja ali pa maondo mpaka kaseti inatha mbali zonse ziŵiri. Atatero anangoti, "Ndinkakuuzani." Anamwalira patapita zaka zitatu, ndipo wailesiyo inatsala ndi ine. Ndinasamuka nayo kudza kuno ku Balaka, inatiimbira pa maukwati ndi pa maphunziro a kwaya, kufikira pamene mbali ya kumanzere inayamba kukhosomola, kenaka n'kukhala chete. Pamenepo inabwereranso pansi pa nsalu.

Tsono mwana wanga anandionetsa pa foni yake zimene anthu a maiko ena ali kuchita ndi mawailesi otere. Ku America, ku Ulaya ndi ku South Africa komwe kuli anthu amene amaŵasakasaka ndi kuŵasunga monga ena amasungira ndalama zakale, ndipo mitengo yakhala ikukwera. Iye anandionetsa imodzi imene ankaitsatsa pa madola zikwi zingapo. Ndiulule pamaso pa mpingo kuti usiku umenewo mkulu wa mpingo anagona akuŵerengera. Mwezi wa Novembala chaka chomwecho ndalama ya kwacha inali itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya zinthu inali itauluka, ndipo nyumba ya mayi ku Ntaja, imene tinaifolera ndi malata akale otolatola, inali itasasuka mbali imodzi ndi namondwe wa Freddy m'mwezi wa Malichi. Ndinaona malata atsopano, ndinaona simenti, ndinaonanso njinga yamoto, imene mayi sanaipemphe.

M'maŵa mwake nditavala magalasi ndinaona kuti nambala ya pa foniyo sinali yathu. Imene ankaitsatsa inali SX-1980, yathu ndi SX-780. Ndine mphunzitsi wa masamu, ndipo ndakalipira ana ambiri chifukwa chosayang'anitsitsa manambala.

Komabe nkhaniyo inandigwira mtima, ndipo m'masiku a tchuthiwo ndinaŵerenga zambiri pa foni ya mwanayo. Ndinapeza kuti m'zaka za m'ma 1970 makampani monga Pioneer, Sansui, Kenwood, Marantz ndi Technics anali pa mpikisano wa yemwe angapange risiva yamphamvu koposa. M'chaka cha 1974 boma la America linaika lamulo lakuti opanga azinena mphamvu yeniyeni imene chipangizo chingapirire nthaŵi yaitali, osati nambala yongokopera ogula, kotero kuti mpikisanowo unakhala wa chitsulo chenicheni. SX-1980 ija, ya m'chaka cha 1978, imapereka mawati 270 mbali iliyonse ndipo imalemera pafupifupi makilogalamu 35, kuposa theka la thumba la chimanga. Technics anapanga ina ya mawati 330. Yathu ndi ya mawati 45, ndipo zotere anazipanga zochuluka kwambiri. Pofika m'ma 1980 opanga anasintha: nkhope zasiliva zinatha, kunabwera zakuda, zopepuka, za pulasitiki. Zakalezo sadzazipanganso, ndipo chaka chilichonse zina zimafa. Anyamata amene ankazisirira pa mawindo a masitolo ali opanda ndalama, lero ndi madoda a ndalama zawo. Ndiponso mbale za galamafoni, zimene ife tinazitaya pamodzi ndi magumbagumba, zabwereranso: m'chaka cha 2022 ku America zinagulidwa zambiri kuposa ma CD, koyamba chiyambire 1987. Wogula mbale amafunanso chokuzira mawu cha nthaŵi ya mbalezo.

Mwana wanga atabwerera, anapeza munthu wina ku Johannesburg amene anati angapereke R4,000 ngati chinthucho chili bwino. Ine ndinanyamula wailesiyo pa kabaza kupita nayo kwa mmisiri wina wachikulire pa msika wa Balaka, amene wakhala akukonza mawailesi kuyambira nthaŵi imene Balaka anali asanakhale boma palokha mu 1998. Anaitsegula mwaulemu monga munthu wotsegula Baibulo la mwini wake, napemerera fumbi ndi mazira a mphemvu, nayeza uku ndi uku. Anandionetsa tizitini ting'onoting'ono timene amati makapasita. M'kati mwake muli madzi a mankhwala, ndipo pakapita zaka makumi anayi madziwo amauma ngakhale chinthucho chisagwire ntchito. Mawu amayamba kulira ngati njuchi kapena kufooka. Anandionetsanso zidutswa ziŵiri zakuda zolembedwa STK-0050, zimene ndizo zimakankha mawu kupita ku masipika. Chimodzi chinali chitapsa. Iye anati zenizeni analeka kupanga kalekale, ndipo zambiri zimene zimagulitsidwa lero ndi zachinyengo, zimapsa msanga. Njira yabwino ndi kuchotsa zonse ziŵiri ndi kuikamo timabolodi tatsopano togwira ntchito yomweyo.

Kenaka anatulutsa m'kabati kanthu kena kakang'ono kuposa sopo wochapira, kopangidwa ku China, nakalumikiza ku batire ndi ku sipika yanga imodzi. Kanaimba mokweza mpaka amayi ogulitsa tomato anacheuka. "Aphunzitsi," iye anatero, "ngati mukufuna mawu okha, aka kakukwanirani, ndipo mtengo wake sufika pa wa nkhuku zitatu. Amene akufuna yanuyi sakugula mawu ayi. Akugula nkhope."

Sindinavomere msanga, chifukwa khutu langa limandiuza kuti wailesi ya bambo ili ndi kukoma kwake kumene kanthu kaja kalibe. Koma ndiyenera kunena zoona: khutu langalo linaphunzira kukoma kumeneko tsiku limene bambo anakhala manja ali pa maondo, ndipo mboni yotere ku bwalo la milandu sangaikhulupirire kwenikweni. Za mawati nazonso n'zonyenga. Kuti mawu amveke kukwera kaŵiri m'khutu la munthu, pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi kakhumi. M'chipinda chonga changa, pomvera mwaulemu, munthu amagwiritsa ntchito wati imodzi kapena aŵiri. Mwini mawati 270 ndi ine wa 45, tikakhala pansi madzulo kumvera kwaya, tonse tili kumwa pamwamba pa chitsime. Iye walipira kuzama kwa madzi amene sadzaŵatunga.

Chimene chinandidabwitsa koposa chinadza pamene tinatumiza zithunzi zonse kwa wogula uja. Za mbali yakufayo sanadandaule kwambiri, anati ali ndi mmisiri wake. Anatiletsa ndithu kuti tisaikemo kanthu katsopano, pakuti iye amafuna zonse zikhale monga zinatulukira ku fakitale. Taonani zimenezo: wailesi yodwala koma yosakhudzidwa inali ya mtengo kwa iye kuposa wailesi yochira. Koma ataona pamwamba pa bokosi, pamene bambo analemba dzina lawo ndi msomali wamoto, anati chimenecho ndi chilema chosachiritsika, natsitsa mtengo kufika pa R1,500. Ndipo kunyamula katunduyo pa basi kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge kunali kwa ife.

Ndinakwiya, ndipo mkwiyo wangawo ndaulingalira kwambiri. Munthuyo sanalakwe, malonda ake ndi otero, ndipo sanandinamize. Ndinazindikira kuti ine ndi iye tinali ofanana kuposa m'mene ndinkafunira. Iye amaika mtengo pa nkhope yosakandika, ine ndimaika mtengo pa chipsera cha msomali, ndipo tonse aŵiri sitinali kunena za mawu. Zaka zisanu ndi zitatu wailesiyo inakhala chete m'nyumba mwanga osaganiza zoikonzetsa, komabe munthu akanaipempha ndikanamkaniza. Tikamaseka azungu ogula wailesi yakufa, tiyambe taona zimene zili pansi pa nsalu m'nyumba zathu: makina osokera osasoka, njinga za Humber zopachikidwa ku denga, mbale za alendo zimene mlendo sanadyerepo.

Mwini nkhani weniweni anali asanafunsidwe. Kwathu katundu wotere sagulitsidwa mayi ali moyo osamva mawu awo, choncho Loŵeruka lina ndinakwera minibasi, kuwoloka Shire pa Liwonde, kupita ku Ntaja. Ndinaŵafotokozera zonse, kuyambira madola zikwi zija mpaka R1,500. Ndinkayembekeza kuti adzati dzina la amuna awo lisapite kwa alendo. Iwo anaseka mpaka kutsokomola.

"Gulitsa, mwana wanga," anatero. "Chinthu chimenecho chili ndi ngongole yanga ya malata kuyambira iwe uli mu Sitandade 4."

Nditaŵerengera pamaso pawo ndalama yotsala tikachotsa ya basi, ndi kuŵauza malata amene ingagule, anakhala chete pang'ono.

"Ndiye kuti sizikwana ndi khonde lomwe?"

"Sizikwana, Amayi."

"Basi isiye. Bambo ako sanadziŵe kugula, iwenso usaonetse kuti sudziŵa kugulitsa."

Malatawo tinasonkha ana ndi zidzukulu, monga tinayenera kuchitira kale wailesi isanatikumbutse, ndipo nyumbayo inafoleredwa mvula ya 2024 isanayambe. Mwana wanga anatumiza timabolodi tija ndi makapasita kuchokera ku Johannesburg, mmisiri wa pa msika nagwira ntchito yake masiku anayi. Pondipatsa anandichenjeza kuti tsopano wogula uja sangaiyang'anenso kaŵiri. Zakale zimene anachotsamo anandikulungira m'pepala, ndipo ndazisunga m'kabati, sindidziŵa chifukwa chake.

Mayi anabwera ku Balaka pa Pasaka kudzaonetsa maso awo kuchipatala. Madzulo ndinaŵakhazika pa mpando pakati pa masipika aŵiriwo, ndi kuyatsa. Galasi linaŵala, timivi tonse tiŵiri tinagwedezeka. Anamvera nyimbo ziŵiri za kwaya, napapasa ndi chala pamene panalembedwa dzina paja, nati mawu ake ndi abwino ndithu. Nyimbo yachitatu ili pakati magetsi anazima. Iwo sanadandaule, anatuma mdzukulu wawo kuti akatenge m'chikwama mwawo kawailesi kawo ka m'manja kotchajira padzuŵa, chifukwa nthaŵi ya nkhani inali itakwana ndipo ankafuna kumva mtengo wa chimanga.