Dzanja Silidziwa Madigiri

Ndimakonza mafiriji m'nyumba za ku Area 3 ndi m'mashopu a ku Old Town kuno ku Lilongwe. Anthu ambiri akandiitana amapisa dzanja m'firiji n'kunena kuti, "Bambo, tagwirani nokha, sikuzizira." Ine ndimavomera mwaulemu, koma ndimatulutsabe thermometer m'chikwama, chifukwa dzanja limanama. Chitsulo ndi pulasitiki zikagona m'firiji imodzi usiku wonse, chitsulo chimamveka chozizira kwambiri, chonsecho zonse zili pa madigiri ofanana. Nkhani ndi yakuti chitsulo chimayamwa msanga kutentha kwa m'dzanja.

Manambala a pa kotembenuza ka m'firiji, 1 mpaka 5, si madigiri ayi. Amangouza thermostat poti izimitsire kompuresa. Ndikafuna choonadi ndimaika kapu ya madzi pa shelefu ya pakati, ndimatseka chitseko kwa maola angapo, kenako n'kuyeza madziwo. Mpweya umasintha mukangotsegula chitseko, koma madzi amasunga kuzizira ngati mmene nyama ndi mkaka zimachitira. Firiji yabwino ikhale pafupi ndi madigiri 4, ndipo freezer ifike pa -18. Firiji ya katemera ndiye yosafuna kuseweretsa: ikhale pakati pa 2 ndi 8, ndipo katemera wina akaundana ndiye kuti wawonongeka. Choncho kuzizira kopitirira nakonso ndi matenda.

Nayo thermometer imafunika kuyesedwa. Ndimadzaza kapu ndi ayisi wophwanyaphwanya, n'kuthiramo madzi pang'ono, n'kutakasa. Ikapanda kuonetsa 0, imeneyo siyigwiranso ntchito kwa ine. Muyeso wa madigiri umenewu unachokera kwa Anders Celsius wa ku Sweden mu 1742, ngakhale iyeyo anautembenuza: 0 anaika pamene madzi amawira, 100 pamene amaundana. Anzake ndiwo anadzausintha pambuyo pake.

Anyamata amene ndimawaphunzitsa ntchito amakonda kuyesa ndi madzi owira, akaona 96 kapena 97 amati chipangizo chafa. Sichinafe. Madzi amawira pa 100 m'mphepete mwa nyanja yamchere, pomwe Lilongwe ili pamtunda wa mamita oposa 1,000. Kuno mpweya sukanikiza kwambiri, ndiye madzi amawira asanafike pa 100.

Ku Area 3 kulinso mafiriji obwera ndi alendo a ku America, olembedwa mu Fahrenheit, mmene madzi amaundana pa 32 ndi kuwira pa 212. Mayi wogwira ntchito m'nyumba akaona 39 amadzidzimuka, poganiza za kutentha kwa mu Okutobala kapena malungo a mwana, koma 39 ameneyo ndi madigiri 4 athu omwewa.

Magetsi a ESCOM akazima, funso limakhala lakuti chambo cha mu freezer chipulumuka kapena ayi. Ndimawauza kuti asamatsegule chitseko. Freezer yodzaza bwino imatha kupirira mpaka masiku awiri, pamene yokhala ndi katundu watheka imangokwanitsa tsiku limodzi.