Mutu wa nkhwazi uyang'ane kuti?

Achinyamata ophunzira kujambula amandibweretsera zithunzi za mbalame kuti ndiwauze maganizo anga, ndipo zambiri zimakhala za nkhwazi za ku Cape Maclear. N'zosadabwitsa. Pafupi ndi chilumba cha Thumbi eni mabwato amaimba mluzu n'kuponya nsomba m'madzi, nkhwazi n'kutsika kudzaitola kamera zili tcheru. Aliyense amabwerako akunyadira chake, koma ukaziyala patebulo zimangofanana ngati mandasi a m'beseni limodzi.

Ine ndimayambira pa diso. Mapiko angaoneke bwino chotani, nthenga iliyonse n'kumawerengeka, ngati diso lili mbuu kapena labisika mumthunzi, chithunzicho ndimachiika pambali. Ndimafuna kadontho ka kuwala kwa dzuwa m'disomo. Ndikatero ndimaona mutu. Ukhale utapendekera pang'ono kwa wojambula. Mbalame ikakufulatira, ngakhale pang'ono chabe, woona chithunzi amamva kuti ikumuthawa, ndipo naye sachedwapo.

Nkhwazi ili ndi vuto lakelake. Mutu ndi chifuwa n'zoyera mbee, mapiko ndi akuda. Dzuwa likafika paliwombo kamera imalephera kusunga zonse ziwiri: kuyerako kumapserera, nthenga za m'khosi zimasanduka chigamba choyera, ndipo pakompyuta simungazibwezenso. Tsono ine ndimajambula m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, lili kumsana kwanga, n'kuchepetsako kuwala kolowa m'kamera. Kwa mbalame youluka, shutter ikhale pa 1/2000 kapena kuposa apo.

Pa kaikidwe ka mbalame m'chithunzi m'pamene timakanganirana kwambiri. Ambiri amaiika pakatikati penipeni chifukwa m'pamene kamera imagwira msanga. Isiyireni malo kutsogolo, kumene ikupita kapena kumene ikuyang'ana. Mlomo ukagunda m'mphepete mwa chithunzi mbalameyo imaoneka yopanikizika. Nsonga za mapiko ndi zikhadabo musadule. Malire a nyanja ndi thambo akhale owongoka, madzi asaoneke ngati akukhuthukira mbali imodzi. Ku Liwonde, poyenda pabwato mu Shire, khalani pansi kuti kamera ilingane ndi maso a kakowa kapena nantchengwa, osati kumujambula pamsana. Ndipo musanadine, onani chili kumbuyo kwake. Bango limodzi lotulukira pamutu pa mbalame limawononga ntchito ya tsiku lonse.

Komabe chithunzi chimene ndimachipatsa ulemu si cha nsomba yoponyedwa ija. Nkhwazi ikamalira ili panthambi imaponya mutu chagada, kukamwa kuli yasa, ndipo kawirikawiri inzake imayankha. Zikakhala ziwiri pamtengo umodzi mumaonanso kuti yaikazi ndi yaikulu kuposa yaimuna. Zimenezi mluzu wa mwini bwato sungaziitane. Mumazimitsa injini, n'kusuntha bwato ndi nkhafi mpaka mitu yonse iwiri itapatukana ndi masamba, kenaka mumadikira, chala chili pabatani.