Ola la pampando ndi ola la pabedi

Chandigwiritsa cholembera ndi mabuku a maola amene anyamata ena oyendetsa ndege akuyenda nawo masiku ano. Chisiyireni ntchitoyi n'kubwerera kumudzi kuno kufupi ndi Namitete, makolo a ku Nsaru, ku Kabudula ngakhale ku Nambuma amanditumizira ana awo ofuna kuuluka, ndipo ena amene anapeza kale ntchito kunja amabwera kudzandionetsa mabuku awo. Bukulo lodzaza maola mpaka kusefukira, koma ukamufunsa mwini wake kuti ndege waiteretsa kangati ndi manja ake chaka chathachi, amangoyang'ana pansi. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa ine buku langa ndinalidzaza ndi thukuta.

Za kulemba tsiku, mtundu wa ndege ndi nambala yake sinditayirapo nthawi. Aliyense wa ntchitoyi amadziwanso kuti nthawi timalemba ya UTC, imene ili m'mbuyo ndi maola awiri poyerekeza ndi yathu ya kuno, komanso kuti ulendo umayamba kuwerengedwa ndege ikangosuntha pamalo pake n'cholinga chonyamuka mpaka itaima kotheratu kumene ikupita. Paulendo wa pa Kamuzu International Airport ku Lumbadzi kupita ku Johannesburg kapena ku Nairobi palibe chovuta. Muli awiri, nonse mwakhala pampando kuyambira ponyamuka mpaka potera, nonse mulemba maola ofanana, wina ngati kaputeni, wina ngati wothandiza.

Mutu umazungulira pa maulendo ataliatali, monga wa ku Washington kupita ku Addis Ababa umene umatenga maola pafupifupi 13, kapena wa ku Johannesburg kupita ku New York umene umapitirira maola 15. Anthu awiri sangakhale maso nthawi yonseyo. Lamulo la ku America, Part 117, limene linayamba kugwira ntchito mu 2014, limalola oyendetsa awiri kuuluka maola 8 kapena 9 basi malinga ndi nthawi imene ayambira ntchito. Akakhala atatu amafika maola 13, akakhala anayi maola 17. Choncho m'ndege zazikulu muli kachipinda kobisika ka mabedi, ndipo timagona mosinthana. Funso ndi lakuti, munthu amene anali m'bulangete ndege ikudutsa pamwamba pa nyanja alembe chiyani m'buku lake?

Tiyerekeze ulendo wa maola 12 wa anthu atatu. Ponyamuka ndi potera onse amakhala kutsogolo, wachitatuyo ali pakampando ka kumbuyo, akuyang'anitsitsa koma osagwira kanthu. Chotsanipo ola ndi theka la nthawi imeneyo, atsala maola 10 ndi theka. Gawani patatu, aliyense agona maola atatu ndi theka. Wachitatu uja ndiye kuti wakhala pampando woyendetsera maola 7 okha. Malangizo a ku Ulaya, a bungwe la EASA, amanena mosapita m'mbali kuti wolandira anzake m'mwamba alembe nthawi imene anakhaladi pampandopo. Kaputeni wamkulu yekha ndiye amalemba ulendo wonse, chifukwa udindo sugona. Kukachitika vuto amamudzutsa, ndipo mlandu wonse ndi wake ngakhale anali mtulo.

Chimasokoneza achinyamata n'chakuti maola 12 onse aja amawerengedwabe kwina. Pa malipiro, makampani ambiri amawerenga ulendo wonse. Pa lamulo la kutopa amawerenganso onse, chifukwa tulo ta m'ndege si tulo ta kunyumba, ndipo ku Ulaya munthu saloledwa kupitirira maola 100 m'masiku 28 kapena 900 pachaka. Ndiye mnyamata amaona nambala yaikulu papepala la kampani n'kuikopera m'buku lake. Koma buku lako ndi umboni wa zimene manja ako ndi mutu wako zaphunzira, ndipo ndi limene umakaonetsa pofuna laisensi yaikulu ya ATPL, yofuna maola 1,500, mwa amenewo 100 ausiku. Mayiko amasiyana pang'ono pa kawerengedwe, n'chifukwa chake ndimauza aliyense kuti atsatire lamulo la dziko limene linamupatsa laisensi, ndipo pamzere wa ndemanga alembe kuti anali angati ndi maola amene anakhala pampando. Wodzawerenga bukulo asadzachite kulota.

Usiku nawo uli ndi msampha wake. Ukamalowera kum'mawa umathamangira dzuwa ndipo mdima umafupika, ukamalowera kumadzulo mdima umakutsata. Ngati mdima unagwa iwe uli pabedi, ola lausikulo si lako. Kutera ndiye kovuta kuposa zonse, pakuti anthu anayi amagawana kutera kumodzi. Lamulo limafuna kuti m'masiku 90 munthu akhale atanyamutsa ndi kuteretsa ndege katatu, ndipo ambiri a maulendo ataliatali amakakwaniritsa zimenezi m'makina ophunzitsira a simulator. Mnzathu woyendetsa Q400 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre amatera kangapo patsiku, nthawi ya dzinja akulimbana ndi mitambo ya mabingu. Manja ake ndi akuthwa kuposa a munthu amene wadzaza buku ali m'mwamba ndege ikudziyendetsa yokha.

Zonsezi anandiphunzitsa ndi kaputeni wina wachikulire amene anayamba ntchito m'masiku amene Air Malawi inkauluka ndi ndege ya VC10 kuchokera ku Chileka kupita ku London, m'zaka za m'ma 1970. Anali munthu wosalankhulalankhula, wa malaya osita bwino nthawi zonse. M'thumba la malayawo munkakhala kabuku kakang'ono ndi pensulo yosongoka. Akamadzuka pampando kukagona ankayang'ana wotchi n'kulemba, akamabwerera ankalembanso, asanamange n'komwe lamba. Tikafika kuhotela sankalola kuti tikagone tisanakhale pansi ndi mabuku athu. Ankayendetsa chala pamzere uliwonse pang'onopang'ono, milomo ikugwedera powonkhetsa, kenako n'kusayina ndi inki yakuda. Ankakonda kunena kuti, "Mwana wanga, bukuli adzaliwerenga ndi anthu amene sanakuonepo nkhope. Ulembe zoti ukadzafunsidwa usadzachite chibwibwi." Tsiku lina mnyamata wina anamubweretsera tsamba lokhala ndi maola a pabedi kuti asayine. Sanamukalipire. Anangomubwezera buku n'kumufunsa kuti, "Pamene tinkadutsa mphepo ija, iwe unali kuti?" Mnyamatayo anakonza tsamba lonse usiku womwewo. Mpaka lero ndikaona wotchi ya pamkono ndi pensulo pamodzi ndimakumbukira bambo amene uja, ndipo ndimathokoza kuti ndinadutsa m'manja mwawo.

Okwera ndege nawo amatilemetsa. Munthu wagula tikiti yotchipa, waona woyendetsa akutuluka kutsogolo kupita kukagona, basi wayamba kudandaula kuti amalipira anthu ogona pantchito. Sadziwa kuti tulo timeneto ndi timene tidzamuteretse bwino m'mawa. Amafuna mtengo utsike chaka chilichonse, ndipo makampani ena pofuna kupulumutsa ndalama amalemba anyamata amene avomera malipiro ochepa, ena mpaka kulipira okha kuti apatsidwe mpando adzazire buku. Sukulu zoyendetsa ndege za ku South Africa, kumene ana athu ambiri amapita, zimadya ndalama zoti banja la ku Mpingu ligulitse ng'ombe zonse ndi fodya wa zaka zingapo koma osakwanabe. Ndikumvetsa kuti mwana wa ngongole yotere amafuna maola achuluke msanga. Koma ife a kuno tikudziwa zimene zimachitika ku Kanengo belo la fodya likapezeka ndi zinyalala pakati. Limabwezedwa, ndipo dzina la mlimi limaipa kwa ogula onse. Oyendetsa ndege ndi ochepa ndipo amadziwana. Kampani yatsopano ikafunsa yakale za maola ako, bodza limaonekera tsiku lomwelo, ndipo laisensi ikhoza kulandidwa.

Kwa inu ana athu amene mukuyamba, langizo langa ndi ili. Gulani kabuku ka m'thumba, lembani nthawi yokhala pampando ndi yodzukapo, ndipo muzipempha kaputeni kuti akupatseni mpata woteretsa ndege nthawi iliyonse imene zingatheke. Maola anu adzachuluka mochedwa kuposa a anzanu ena. Koma tsiku limene injini idzazime pakati pa nyanja, anthu 300 ali kumbuyo kwanu, mudzagwiritsa ntchito maola okhawo amene munali maso.