Wowerengera Msonkho wa Oluka Tsitsi

Chipale chofewa chikayamba kusungunuka m'misewu ya kuno ku Indiana, mwezi wa Febuluwale uli pafupi kutha, pakhomo panga pamayamba kufika alendo a mtundu umodzi, amayi ndi abambo amene manja awo amanunkhira mafuta odzola kumutu, yense atapanira m'khwapa bokosi la nsapato kapena jumbo lodzala ndi timapepala. Pakuti ntchito imene ndakalamba nayo chichokere kwathu ku Malawi ndiyo kuwerengera msonkho anthu ometa, oluka tsitsi, okonza zikhadabo ndi eni masaluni, kuti tsiku la 15 Epulo, limene boma la America linaika kukhala malire, lisawapeze ali m'tulo. Anzanga akutchalitchi amanditcha Zakeyu pofuna kundiseka, koma ine sindikhometsa munthu. Ndimangokhala pakati pa woluka ndi Kaisara, kuyang'anira kuti Kaisarayo asatape mopitirira muyezo wake, ndiponso kuti wolukayo asadzikumbire mbuna ndi manja ake omwe.

Ndisanakhudze kapepala n'kamodzi komwe, ndimayamba ndafunsa kuti mpando umene munthuyo amagwirirapo ntchito ngwa yani, chifukwa pa funso limeneli ndi pamene pagona nkhani yonse. Wolembedwa ntchito, amene mwini saluni amamuuza ola lofikira, mtengo wotchula ndi mankhwala ogwiritsa ntchito, amalandira pepala lotchedwa W-2, ndipo msonkho wake umadulidwiratu pa malipiro, kotero kuti sauona n'komwe. Koma wochita lendi ya mpando, amene amabwera ndi zipeso zake, natchula mtengo wake, nalandira ndalama m'manja mwake, pamaso pa lamulo ameneyo ndi mwini bizinesi ngakhale bizinesiyo itangokhala mpando umodzi ndi kalilole. Ndiye kuti ayenera kulemba zolowa ndi zotuluka zake pa fomu yotchedwa Schedule C, ndipo phindu lake likangofika madola 400 pa chaka, msonkho wa odzilemba okha ntchito wamugwira. Ambiri amaukonda ufulu wa mpando wa lendi, ndipo ngwokomadi, koma walira mvula walira matope.

Ndikumbuka mayi wina wakwathu komwe, katswiri woluka timangongo tating'onoting'ono tija timene mutu umodzi umadya maola asanu ndi atatu, amene anadza kwa ine chaka chake choyamba cha mpando wa lendi. Anakhuthulira bokosi lake patebulo, ndipo munatuluka malisiti ogulira meshi, ena atafufutika mpaka kuyera mbee chifukwa chokhalitsa pafupi ndi chowumitsira tsitsi, ena atamatirirana ndi guluu wa mawigi, ndiponso kachipeso kothyoka kamene kanalowamo mosaitanidwa. Tinakhala madzulo onse tikusanja, iye akuwerenga mokweza, ine ndikulemba. Tinapeza kuti m'manja mwake munadutsa madola 48,000; lendi ya mpando, madola 200 pa sabata, inadya 10,400; meshi, mankhwala, magolovesi, inshuwalansi ndi zina zotero zinadya 7,600; phindu linatsala 30,000. Tsono ndinamufotokozera kuti wolembedwa ntchito amalipira theka lokha la msonkho wa Social Security ndi Medicare, wa penshoni ndi chithandizo cha kuchipatala cha okalamba, bwana wake nalipira theka linalo, koma iye, pokhala bwana ndi wantchito yemwe m'thupi limodzi, asenza mbali zonse ziwiri, ndiwo 15.3 peresenti, imene amaiwerengera pa 92.35 peresenti ya phindulo. Chotero inakwana madola 4,239, msonkho weniweni wa pa zopeza tisanauyambe n'komwe. Mayiyo anakhala chete nthawi yaitali, akupotokola nsonga ya mpango wake, kenaka anati, "Achimwene, nanga ndalama zimenezo ndizitenga kuti, poti zinapita kale kumudzi?"

Apa ndiye pamandipweteka mtima chaka ndi chaka. Lamulo limalola kuchotsera pa zolowa chilichonse chofunika pa ntchito ndi chozolowereka pa ntchitoyo: sizasi, makina ometera, matawulo, laisensi, maphunziro owonjezera luso limene munthu ali nalo kale, ulendo wokagula katundu. Limakana ulendo wa tsiku ndi tsiku wochokera kunyumba kupita ku saluni, limakana diresi limene munthu angavalenso ku ukwati, limakananso tsitsi ndi zikhadabo za mwiniwake, ngakhale atachonderera motani kuti mutu wake ndiwo chikwangwani cha malonda ake. Koma choposa zonsezi, lamuloli silidziwa mbumba. Ndalama yotumizira mayi wokalamba ku Ntcheu, fizi ya mwana wa mlongo, malata a nyumba ya makolo, zonsezi kwa ife ndi ngongole yobadwa nayo, pamene pa fomu zilibe mzere. Ndipo wachibale amene si nzika ya America, ngati sakhala m'dziko muno, ku Canada kapena ku Mexico, salembedwa kuti ndi wodalira iwe, ngakhale nsima yake yonse ikhale yochokera m'zala zako.

Munthu akamva zimenezi, m'mtima mwake mumalowa ganizo limene ndimaliona lisanafike pakamwa, lakuti ndalama yolandira pamanja ilibe mboni. Kwathu basela amapereka wogulitsa, koma kuno zinthu n'zotembenuka: wolukidwa ndiye amawonjezera kenakake pamwamba pa mtengo, ndipo kenakakeko, kaya kadzere m'manja, kaya pa Cash App kapena pa Zelle, boma limakawerenga ngati malipiro. Lamulo limene linasainidwa pa 4 Julaye 2025 linapeputsako mtolowu, polola kuti kuyambira 2025 mpaka 2028 ndalama zothokozera zotere, kufikira madola 25,000 pa chaka, zichotsedwe powerengera msonkho wa boma lalikulu wa pa zopeza. Koma ziyenera kulembedwa ndithu, ndipo gawo la Social Security ndi Medicare likadali pomwepo. Ndikhoza kuwaopseza anthu otere ndi bungwe lotolera msonkho la IRS, pakuti mlandu suwola: nthawi zambiri bungweli limakhala ndi zaka zitatu zobwerera m'mbuyo kukafufuza, zisanu ndi chimodzi ngati munthu anabisa zoposa gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo pa chinyengo palibe malire. Koma ndinaona kuti mantha amatha pofika mwezi wa Meyi. Chimene chimakhalitsa ndi kuwakumbutsa kuti woluka amaimirira tsiku lonse, zala zake zimauma, msana umakana zaka zisanachuluke; ndipo penshoni ya Social Security imafuna kuti munthu aonekere m'mabuku kwa zaka ngati khumi, kukula kwake nkumatsata zimene analemba. Wobisa ndalama akapita ku banki kukapempha ngongole ya nyumba, amamufunsa mafomu a msonkho a zaka ziwiri, ndipo mapepala aja amene anawaondetsa dala ndiwo amamuchitira umboni kuti ndi mmphawi.

Ndisadzionetse ngati wopanda banga, pakuti inenso ndinapunthwapo. M'zaka zanga zoyamba, bambo wina mwini saluni ya mipando isanu anandiuza kuti atsikana ake onse ndi odziimira paokha, ndipo ine, pochita manyazi kufunsitsa munthu wamkulu amene anandilandira ndi tiyi, ndinalemba monga ananenera. Patapita nthawi, mmodzi wa atsikanawo atachotsedwa anakapempha chithandizo cha osowa ntchito, ndipo apo zinaululika kuti mwini saluniyo ndiye amaika maola, mitengo ndi tchuthi chomwe, kutanthauza kuti onsewo anali antchito ake, dzina lokha ndilo linali lina. Anamulipiritsa msonkho wa m'mbuyo pamodzi ndi chindapusa, ndipo pansi pa mafomuwo panali siginecha yanga ndi nambala yanga ya PTIN, imene aliyense wolemba mafomu a msonkho molipidwa ayenera kukhala nayo. Safunsa anadya phula. Kuyambira pamenepo ndimapita ndekha ku saluni, nkukhala pa benchi la odikira ngati wofuna kumetedwa, ndikuyang'ana kuti makiyi amasunga ndani, ndipo ndalama ya kasitomala imagwera m'kabati ya yani.

Mayi uja wa bokosi sanathawe. Tinapempha ku IRS kuti azilipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, ndipo anamulola, ngakhale chiwongoladzanja sichinaleke kuyenda. Ndinamuphunzitsa kuti wodzilemba yekha ntchito sadikira chaka kutha, koma amapereka msonkho woyerekeza kanayi, pa 15 Epulo, 15 Juni, 15 Seputembala ndi 15 Januwale. Ndinamuuzanso atsegule akaunti yachiwiri, imene tinaitcha nkhokwe, kuti pa madola anayi alionse dola imodzi izilowa m'menemo tsiku lomwelo, monga amayi athu ankapatulira chimanga cha mbewu asanayambe kusinja cha kudya. Anadandaula kuti kumudzi adzati wasintha mtima, ndipo pa chimenecho ndinalibe fomu yomuthandizira.

Chaka chathachi anabwera sabata yoyamba ya Febuluwale, wopanda bokosi, atanyamula kope la ana asukulu lachikuto chofiira, tsiku lililonse lili ndi mzere wake, malisiti onse atawajambula pa foni asanafufutike. Tinamaliza tiyi asanazizire. Potuluka anaima pakhomo, nayang'anitsitsa mutu wanga monga amachitira anthu a ntchito yake, nati, "Achimwene, amene amakumetaniyu mumupatse moni, koma Loweruka mubwere kwathu tidzakonze kumbuyoku."