Ndimayamba Ndaona Purosesa

Pa ntchito yanga yoika mapulogalamu m'makompyuta, sindiyamba ndi kufunsa kuti pulogalamu yatsopano ndi iti. Ndimayamba ndaona purosesa, chifukwa mapulogalamu ambiri amamangidwa ndi malangizo amene mtundu umodzi wokha wa purosesa umamva. Windows ya 32-bit imalekeza pa RAM ya 4 GB. Mukaonjezera ina, imangokhala osagwira ntchito. Mpanipani umenewu unachepa AMD itatulutsa mapurosesa a 64-bit mu 2003, Intel n'kutsatira. Windows ya 64-bit imayendetsa mapulogalamu ambiri a 32-bit, koma ya 32-bit singatsegule pulogalamu ya 64-bit ngakhale mutadina tsiku lonse. N'chifukwa chake ndisanawononge bandulo ya kasitomala ndimatsegula Settings, System, About, n'kuwerenga mzere wa "System type". Pamenepo m'pomwe ndimadziwa fayilo yotenga: x86, x64 kapena arm64.

Ena amati masiku ano kusamala kotere n'kutaya nthawi, poti makina amamasulira okha. Zoona, Apple itasamukira ku purosesa ya M1 mu 2020 inaikamo Rosetta 2 kuti mapulogalamu a Intel apitirize kuyenda, ndipo Windows ya pa ARM nayonso imamasulira. Koma kumasulirako kumathera pa mapulogalamu wamba. Driver ya printa kapena sikana imalowa mkatikati mwa Windows, choncho iyenera kufanana ndendende ndi Windows yomwe ili m'makinamo. Ikasiyana, kalata mulemba bwinobwino koma pepala silituluka, ndipo mwini shopu yosindikiza makalata wagona ndi njala. Komanso chifundo cha makampaniwa chili ndi malire: macOS Catalina ya 2019 inakaniratu mapulogalamu onse a 32-bit.

Mfundo yolemera kwambiri ndi ya chitetezo, ndipo sindiipeputsa. Pulogalamu imene eni ake anasiya kuikonza ili ngati nyumba yopanda loko. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, pomwe Windows 11 imafuna purosesa ya 64-bit ndi TPM 2.0, ndipo mapurosesa ambiri a Intel a m'badwo wa 7 kubwerera m'mbuyo imawakana. Makompyuta ambiri a kaunjika amene amafika pa benchi za ife amisiri ali m'gulu lokanidwalo. Alipo anzanga amene amaikakamiza Windows 11 pozemba malamulowo. Ine ndimakana, chifukwa Microsoft inanena poyera kuti silonjeza ma update pa makina otere, ndipo vuto likadzabuka wolira ndi kasitomala. Makina akakhala a 64-bit ndimalangiza Linux Mint kapena Ubuntu LTS, imene imasamalidwa zaka 5, nditatsimikiza kaye kuti printa ya mwiniwake ili ndi driver kumeneko. Akakhala a 32-bit enieni, njira zatsala zochepa, poti ngakhale Debian 13 ya 2025 inasiya kuwatulutsira choikira. Otero ndimawachotsa pa intaneti kuti azingolemba ndi kusindikiza.