Zithunzi Khumi ndi Ziwiri

Masiku ano munthu akakhala ndi foni ya m'manja amajambula chilichonse chimene waona. Chithunzi chikapanda kumkomera amachifufuta pomwepo, najambula china. Kale sizinali chomwecho. M'kamera munkaikidwa filimu, ndipo filimuyo inali ndi malo owerengeka. Ikadzaza, mwini wake ankapita nayo kwa otsuka zithunzi m'tauni, nadikira masiku ambiri asanaone chimene anajambula. Chithunzi chikaonongeka, ndiye kuti chapita pamodzi ndi ndalama zake.

Banja lina la ku Mitundu linali ndi kamera yotere, ya mtundu wa Kodak Instamatic. Bambo wa pabanjapo anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni m'chaka cha 1974. Chimenechi ndi chaka chimene boma linaletsa a Wenela kulemba anthu ntchito kuno ku Malawi, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi oposa 70. Kamerayo inkasungidwa m'sutikesi pansi pa zovala za kutchalitchi, ndipo filimu imene bamboyo ankakwanitsa kugula inali ya zithunzi 12 zokha.

Pa tchuthi cha mwezi wa Ogasiti, m'chaka cha 1984, atsibweni a ana a pabanjapo anakonza zopita ku nyanja. Iwo ankakhala ku Nathenje, ndipo ankagulitsa nsomba zouma pa msika wa Mitundu. Popeza galimoto yawo inkapita yopanda katundu, anaitana banja lonse: bambo, mayi, mtsikana wa mu Sitandade 5 ndi mlongo wake wamng'ono. Ananyamuka kusanache, phiri la Bunda likuoneka ngati mthunzi chabe, nakaima pa Nathenje kuti alawire agogo.

Agogowa anabadwira kufupi ndi Chipoka, m'mphepete mwa nyanja. Anabwera ku Nathenje pa chitengwa ali mtsikana, ndipo panali patapita zaka zambiri asanapondeko kwawo. Tsopano miyendo inali itawakana. Ataona kamera ija anaitana mdzukulu wawo wamkazi.

"Iwe ndiye maso anga pa ulendowu," anatero agogo. "Ukandijambulire mlambe wa pakhomo pa amayi, ndiponso nkhope ya mng'ono wanga. Zotsalazo ndi zanu."

Bambo anapereka kamera kwa mtsikanayo, namlangiza kuti dzuwa lizikhala kumbuyo kwake, kuti azigwira mpweya podina kuopa kugwedeza manja, ndiponso kuti asajambule munthu asanampemphe. Chithunzi choyamba chinali cha agogo omwewo atakhala pa mkeka pakhonde.

Anawoloka Diamphwe, kenaka Linthipe. Pa mlatho wa Linthipe bambo anauza ana kuti auyang'anitsitse mtsinjewo chifukwa adzakumana nawonso kutsogolo. Ku Dedza kunali chisanu choluma zala. Pa Masasa anasiya msewu waukulu, nayamba kutsika phiri kulowera ku Golomoti. Msewu umenewu lero uli ndi phula, koma masiku amenewo unali wafumbi ndi wamiyala, ndipo mayi anatseka maso pa makona ena.

Mwadzidzidzi mnyamata uja anakuwa, naloza kum'mawa. Kutali, kupitirira chigwa chonse, kunali chinthu chonyezimira ngati malata atsopano. Inali nyanja. Atsibweni anaimitsa galimoto, ndipo mtsikanayo, mtima ukumgunda, anadina kawiri. Apa ndi pamene ambiri oyamba kujambula amanamizika. Diso la munthu limasankha chimene mtima wakonda ndi kuchikuza, pamene kamera yaing'ono imangotenga zonse mofanana. Zithunzi ziwirizo zitatsukidwa, nyanja yonse ija inali kamzere koyera kochepa ngati ulusi.

Kumunsi kwa phiri dziko linasintha. Majuzi anavulidwa. M'malo mwa mitengo ya paini ya ku Dedza munali milambe ndi migwalangwa, ndipo m'mbali mwa msewu anthu ankagulitsa mikeka ndi zipewa za mlaza. Anapatukira ku Mua, ku mishoni imene ansembe a Chikatolika anaitsegula m'chaka cha 1902. Kumeneko anapeza amisiri osema ziboliboli a ku Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher anawayambitsa m'chaka cha 1976. Mmisiri wina atapemphedwa anavomera kujambulidwa, nakweza kasemasema wake monyadira. Pa Chipoka anaona njanji yochokera ku Blantyre, imene inafika ku Salima m'chaka cha 1935, ndiponso doko pamene sitima ya pamadzi ya Ilala inkaima. Tsiku limenelo Ilala kunalibe.

Kumbuyo kwa kamera kunali kawindo koonetsa nambala, ndipo nambalayo inkangokwera. Thandala lodzaza usipa linatenga chithunzi chimodzi. Mayi ndi mnyamata ataviika mapazi m'madzi, akuthawa mafunde a mwera, anatenga china. Pofika kumudzi kwa agogo n'kuti zitatsala zitatu zokha.

Mlambe uja anaupeza. Nyumba ya amayi awo a agogo inali itagwa kalekale, ndipo pamalopo panali munda wa chinangwa, koma mtengowo unali chiimire. Mtsikanayo anabwerera m'mbuyo mapazi ambiri kuti wonse ulowe, naimika mlongo wake patsinde kuti kukula kwake kudziwike. Zinatsala ziwiri.

Agogo aang'ono anawalandira ndi nthungululu ndi misozi. Koma atamva za kujambulidwa anakana kwamtuwagalu.

"Mwana iwe, ufuna akulu anga akandione ndi mamba a nsomba m'manja? Dikira ndikasambe."

Anakasamba. Anafuna chilundu chawo chatsopano, natuma mwana kukabwereka duku kwa anansi. Nthawi yonseyi dzuwa linali kutsika, ndipo ku nyanja kuno limabisala msanga kuseri kwa mapiri a kumadzulo. Kamerayo inalibe nyale yowalitsira mumdima. Pamene agogo anatuluka atatchena, naimirira chilili ngati msilikali, kunja kunali kutayamba chisisira. Mtsikanayo anadina, koma mumtima anakayika. Kawindo kaja kanaonetsa 12.

M'mawa mwake onse anadzuka mbandakucha kupita kugombe. Dzuwa linatuluka m'madzi lili psuu, ndipo mabwato a asodzi amene anachezera usiku ndi chilimira ankabwera limodzilimodzi, akuda bii pamwamba pa madzi ofiira. Chiyambire ulendowo, mtsikanayo anali asanaone chinthu chokongola chotero.

"Jambula! Jambula msanga!" anakuwa mlongo wake. Atsibweni nawonso anati chithunzi chotere n'choyenera kupachikidwa pakhoma.

Mtsikanayo anakweza kamera, nayang'ana pa kagalasi nthawi yaitali. Kenaka anaitsitsa osadina. Mlongo wake anakwiya, ndipo sanamlankhulenso mpaka nthawi ya phala.

Dzuwa litakwera, anapeza agogo aang'ono atakhala pa bwato lakale lovundikira, akusankha usipa m'lichero, atavala chilundu chawo cha masiku onse. Anagwada pambali pawo.

"Agogo, chadzulo chija mwina sichituluka chifukwa kunali mdima. Ndatsala ndi chimodzi chokha. Mundilole ndikujambuleni pomwepa."

"Ndi nsanza zanga zomwezi?"

"Agogo a ku Nathenje anati nkhope. Sanatchule chilundu."

Gogoyo anaseka mpaka lichero kugwedera. Asanamalize kusekako anati, "Chabwino, jambula," ndipo mtsikanayo, dzuwa lili kumbuyo kwake, anagwira mpweya nadina.

Pobwerera anadzera ku Salima, galimoto itadzaza madengu a nsomba. Asanafike pa boma anawolokanso Linthipe, amene tsopano anali wotakata ndi wofatsa, atalandira madzi a Diamphwe ndi a mtsinje wa Lilongwe. Bambo anafotokoza kuti mvula yogwa pa madenga a ku Mitundu ndi ku Nathenje imadzera momwemo popita ku nyanja. Ana anayang'ana madziwo mpaka anabisika, pakuti chojambulira chinali chitatha.

Filimu inapita kwa otsuka zithunzi mumzinda wa Lilongwe, ndipo panapita masabata atatu isanabwere. Lamlungu lotsatira banja lonse linapita ku Nathenje ndi envulopu ija. Agogo anapukuta manja, nayamba kuona chimodzichimodzi. Za paphiri zija anangozidutsa. Pa mlambe anaima, naloza ndi chala pamene panali nkhokwe, pamene panali mtondo, ndi njira yopita kudooko. Chithunzi cha madzulo aja chinali chakuda. Munkangooneka duku loyera lokha.

Atafika pa chomaliza anakhala chete. Anachiyandikiza kumaso, nachitalikitsa, natuluka nacho pabwalo pamene panali kuwala.

"Awa si amayi kodi?" anafunsa motsitsa mawu.

"Iyayi, agogo, ndi ang'ono anu."

"Ha! Mwana uja ndinkamubereka kumbuyo? Wakalamba chonchi?" Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chilundu, nayang'ananso. "Koma kaseke ndi komwe kaja."

Chithunzi chimenecho sanachibwezere mu envulopu. Anatuma atsibweni kuti ulendo wotsatira wokagula nsomba akatenge choyamba chija, cha pakhonde, akapereke kwa mng'ono wawo ku Chipoka.