Adani a Chomoliya cha Amayi

Anzanga, pamene tinabwerera kuno kusukulu ambiri a inu munandifunsa chifukwa chake zikhadabo zanga zinali zobiriwira, ndi manja anga okakala ngati a munthu wosema mitondo. Ndinangoseka osayankha, pakuti ndinali ndi manyazi. Tsopano akonzi a magazini ino andipatsa malo, ndipo ndifuna kukusimbirani zonse monga momwe zinachitikira.

Kwathu ndi kufupi ndi Bembeke, m'boma la Dedza, dziko lozizira kumene ndiwo zamasamba zimakondwa. Mukumbukira kuti m'chaka cha 2024 mvula inadula mwezi wa Febuluwale, chimanga chikumasula. M'munda mwathu tinakolola matumba 4 okha, pamene zaka zabwino timapeza 15. Chotero maso athu onse anali pa dimba la Amayi, m'mphepete mwa kamtsinje ka kumunsi kwa mudzi. M'menemo munali mizere 6 ya chomoliya, mzere uliwonse mitengo 20. Loweruka lililonse Amayi ankathyola masamba, nawamanga m'timitolo, napita nawo kumsewu. Ndalama yake ndiyo inkagula chimanga, mchere ndi sopo, ndiponso ndiyo inayenera kundipezera makope, nsapato ndi ulendo wobwerera kuno.

Mwina ena a inu ochokera kunyanja simuchidziwa bwino chomoliya. Ndi mbale wake wa kabichi ndi repu, koma sichikulunga mutu. Dzina lakelo linachokera ku Chifalansa. Sitifesa njere ayi; timangobenthula mphukira patsinde ndi kuzibzala, ndipo zimagwira. Munthu amathyola masamba a m'munsi, mtengo numakwerabe, miyezi yambirimbiri. Ndiwo yokhulupirika zedi, ngati ili ndi woiyang'anira.

Nditangofika patchuthi, Amayi ananyamuka kukadikirira alongo anga kuchipatala, pakuti anali oyembekezera ndipo masiku awo anali atayandikira. Potsazika anati, "Mwananga, dimbalo ndakusiyira iwe. Uzithirira m'mawa ndi madzulo, ndipo uzitembenuza masamba." Za kuthirira ndinamva. Koma za kutembenuza masamba ndinaziyesa zoyankhula chabe za akuluakulu. Kodi ine, mnyamata wa Fomu 3 amene ndinakhoza bwino mayeso a zaulimi, ndingaphunzitsidwe dimba?

Patapita masabata awiri ndinaona kuti timasamba ta kumtima tayamba kupiringizika, ndipo nyerere zinali kukwera ndi kutsika patsinde ngati anthu a pamsika. Pamenepo ndinatembenuza tsamba limodzi. Ha! Kunsi kwake kunali mbuu, nsabwe zokhazokha, zothinana, zotuwa ngati zawazidwa ufa. Ndinatembenuza lina, chimodzimodzi. Ndinakumbuka zimene Aphunzitsi anatiuza m'kalasi, kuti nsabwe za m'masamba zazikazi zimabala ana amoyo popanda yaimuna, ndipo kukatentha anawo amayamba kubala awo patangopita sabata limodzi ndi masiku ochepa. Zimayamwa madzi a m'tsamba, ndi kutulutsa timadzi totsekemera timene nyerere zimakonda. Nditalemba zimenezi m'kope zinali zokoma kuwerenga. Kuziona pa ndiwo za Amayi, m'mimba munatentha.

Panalinso timbozi tobiriwira, tating'ono, tosafika ngakhale kutalika kwa chikhadabo. Timadya tsamba kunsi ndi kusiya kakhungu kowonekera ngati galasi la pawindo. Ukatikhudza timaphiriphitha chobwerera m'mbuyo, ndi kudzigwetsa pansi pa kaulusi. Ndipo pakati pa nsabwezo ndinaona tizilombo tina takuda, tatitali pang'ono, ta madontho achikasu, tooneka ngati ana a ng'ona. Timeneti ndinatida kuposa tonse chifukwa cha kuipa kwa maonekedwe ake. M'mawa uwiri wathunthu ndinali kutifinya ndi zala, ndipo ndinawerenga toposa 100, ndili wokondwa ngati mlenje.

Tsono ndinachita chinthu chachiwiri chopusa. Ndinali nditamva kuti madzi a sopo amapha nsabwe, koma sindinafunse muyeso wake. Ndinatapa sopo waufa wochapira manja awiri odzaza, ndinamusungunula m'kheni, ndi kuthira pa mizere iwiri dzuwa lili paliwombo. M'mawa mwake masamba a mizere imeneyo anali atapsa m'mphepete, ena atafota ngati fodya wa m'chigafa. Kalanga ine! Mitengo 40 inali itawonongeka ndi dzanja langa, pamene nsabwe za m'mizere ina zinali kungochulukirachulukira. Ndinakhala pansi pamzere, ndipo sindibisa, misozi inatuluka.

Agogo anga aakazi anandipeza pomwepo, akutsika ndi ndodo yawo. Anayang'ana mizere yopsayo nthawi yaitali osanena kanthu. Kenaka anawerama, natembenuza tsamba, nandiitana.

"Tabwera kuno, mdzukulu wanga. Ukuona chiyani apa?"

"Ndi kachilombo koipa kaja, Agogo. Ndatha tambiri."

"Kayang'anitsitse. Usakakhudze."

Ndinagwada ndi kupenyetsetsa. Kamwana ka ng'ona kaja kanali katagwira nsabwe kukamwa, ndipo katatha iyo kanagwira ina. Agogo anapukusa mutu nati, "Iwe wapha agalu a pakhomo, fisi wamusiya m'khola." Anandionetsanso mayi wake wa tizilomboto, kachikumbu kofiira ka madontho akuda pamsana, kozungulira ngati theka la nandolo, kamene tonse tinkasewera nako tili ana. Sindinadziwe konse kuti awiriwa ndi mayi ndi mwana, ndi kuti onse chakudya chawo ndi nsabwe. Nyerere zija, zimene ndinaziyesa zosalakwa, ndizo zimapirikitsa tizilombo tothandizati kuti nsabwe zikhale pamtendere.

Tsiku lomwelo Agogo anandituma kukathyola masamba a ombwe kumalire a munda wawo. Ndinawasinja mumtondo wakale umene sitisinjiramo chakudya, ndi kuwaviika mu ndowa usiku wonse. Mawa lake tinasefa ndi kansalu, tinasungunuliramo kachidutswa ka sopo wamtanda kochepa ngati nsonga ya chala, kuti madziwo amatirire pa nsabwe, popeza thupi lake lili ndi phula ndipo madzi wamba amangotsetsereka. Agogo anandiletsa kuwaza masana. Anati dzuwa limatha mphamvu ya ombwe ndiponso limatentha tsamba lonyowa ndi sopo. Choncho tinadikira madzulo, ndipo ndinali kuviika tsache mu ndowa ndi kuwaza kunsi kwa masamba, pamene pali nsabwe zambiri pokha, kulambalala mitengo imene tinaonapo ana a kachikumbu. Anandichenjezanso kolimba kuti ndisatsukire ndowayo mumtsinje, pakuti ombwe ndi mankhwala ophera nsomba kuyambira kalekale, ndi kuti tisathyole ndiwo kufikira patapita masiku angapo, ndipo tizizitsuka bwino.

Masamba amene anadzaza nsabwe kotheratu tinawathyola ndi kuwakwirira kutali. Timbozi tija ndinali kutitola ndi manja m'mawa uliwonse kusanafunde, ndipo ndi ntchito imeneyi inandidetsa zikhadabo. Mitengo 120, tsamba ndi tsamba, msana umachita kulira.

M'mizere yopsa ija mitengo 15 inafa ndithu. Ndinabzalamo mphukira zatsopano, koma m'mawa wina ndinapeza zitatu zitadulidwa pansi penipeni ngati ndi lumo. Apa sindinathamangirenso nzeru zanga, ndinakafunsa. Agogo anakanda dothi ndi chala pafupi ndi tsinde lodulidwalo, natulutsa chimbozi chotuwa chonenepa, chimene chinadzipinda msanga ngati nkhata. Chimabisala m'dothi usana, nichituluka usiku. Nkhuku za Agogo zinadya bwino sabata limenelo.

Ndisaiwale yesero limene linandipeza pamsika. Munthu wina anali kugulitsa mankhwala m'timabotolo topanda dzina kapena malangizo, nanena kuti dontho limodzi limatha chilichonse choyenda. Ndalama ya mitolo yoyamba inali m'thumba, ndipo dzanja linalowamo kale. Chinandibweza ndi kukumbukira kheni ya sopo ija, pamodzi ndi ana a anthu amene adzadya ndiwozo. Nditafika kuno ndinawasimbira Aphunzitsi a zaulimi, ndipo anandiuza kuti timbozi tobiriwira tija n'todziwika dziko lonse ndi kuuma mutu: pa chilumba cha Java, m'chaka cha 1953, anapeza kuti tasiya kufa ndi DDT, ndipo kuyambira pamenepo takhala tikuzolowera mankhwala ena ambiri. Anatinso munthu akawaza mankhwala amphamvu mosasamala amayamba kupha timavu ting'onoting'ono timene timaikira mazira m'thupi la mbozizo, ndipo zotsala zimaswana popanda woziletsa.

Amayi anabwera sabata lotsiriza la tchuthi. Asanalowe n'komwe m'nyumba anatsikira kudimba, ine ndili pambuyo, mtima uli thi thi thi. Anayenda mzere ndi mzere akutembenuza masamba. Pa mizere inayi masamba atsopano anali otambasuka, obiriwira bwino. Atafika pa iwiri ija anaima, nandiyang'ana, nayang'ananso mphukira zazing'onozo. Ndinayamba kufotokoza, koma anandidula. "Agogo ako andiuza kale panjira. Mlongo wako wabereka mwana wamwamuna, ndiwe malume tsopano. Katenge dengu, mawa ndi Loweruka."

Ndalama inakwanira chimanga, makope ndi ulendo. Ya nsapato inapsera m'mizere iwiri ija, ndipo n'chifukwa chake mukundionabe ndi zakale zija zoseka kutsogolo.

Sabata latha ndalandira uthenga wochokera kwathu. Mphukira ndinabzala zija ayamba kuthyola. Koma ndi mvula yoyambayi anunkhadala aswa m'tchire la m'mbali mwa dimba, ndipo mng'ono wanga ndiye akuwatola m'chitini m'mamawa, asanawothe dzuwa. Akuti ndifulumire kubwera, iye mphuno yatopa.

Mnyamata wa Fomu 4